Chamba Chopindika cha a Zuze

Apongozi anga, a Zuze Tembo, tinawaika Lachitatu lapitali, ndipo ine sindinalire. Azimayi a kwaya anandiyang'ana kangapo, wina mpaka anandigunda ndi chigongono poganiza kuti ndaiwala pomwe ndili. Sindinaiwale. Ndinatunga madzi, ndinaphikira anthu, ndinakhala pamphasa pambali pa bokosi monga momwe mpongozi ayenera kukhalira. Misozi yokha ndiyo inakana, ndipo sindinaikakamize.

Kumanda, wolalikira anati malemu anali mlimi wodekha, wosadziwa kutopa. Amuna amene anaima kumbuyo anayamba kutsokomola mmodzimmodzi, ena akuyang'ana nsapato zawo. Wolalikirayo sananame, koma sanatchule mbeu yake. Kuyambira kuno ku Mburuma mpaka kumtsinje ku Mphuka, panalibe munthu wamkulu amene sankadziwa chomwe a Zuze ankalima kuseri kwa mpanda wawo. Chinali chamba, chomwe kumtsinje timati mbanje. Ambiri mwa otsokomolawo anasutapo, ndipo ena anali atavala mayunifomu a mpingo.

A Zuze anali munthu wamfupi, wa mapewa otakata ngati onse okulira pa nkhafi. Chikhadabo cha chala chawo chachikulu chakumanja sankachiwenga. Chinali chachitali, cholimba, chachikasu, ndipo ntchito yake inali imodzi: kusankha njere. Ankakhala pakhonde ndi lichero pamiyendo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika pamutu, akukankha njere imodziimodzi, kuitembenuza, kuifinya pang'ono. Ya mawanga ngati dzira la nkhanga inkapita kumanja. Yotuwa kapena yophwanyika inkapita kwa nkhuku. Ukawapatsa moni nthawi imeneyo ankayankha ndi mutu chabe. Ankakonda kunena kuti mbeu imakumbuka agogo ake kuposa munthu, ndiponso kuti wogula mbeu kwa mlendo wagula ndi milandu ya kwawo kwa mlendoyo.

Kusuta kwenikweniko sankasuta kwambiri. Kamodzi patsiku, ntchito ikatha dzuwa lisanalowe, ankakoka kaliwo katatu n'kukazimitsa ndi chala. Anyamata osuta mpaka kuseka ndi mtengo ankawanyoza poyera, ankati amenewo ndi mbuzi zolowa m'munda. Amalonda obwera pa malole a makala kuchokera ku Lusaka ankawabweza pakhomo asanakhale n'komwe pansi. Ankapatsa asodzi, okalamba ovutika ndi mphumu, ndi azimayi obwera mwakachetechete mwana akadwala chikuku. Ngati zinkachiritsadi, ine sindidziwa. Chimene ndidziwa n'chakuti a Zuze sankakonda utsi, ankakonda mtengowo. Bwenzi atakhala chidakwa wamba, mwina ndikanawakhululukira msanga.

Mbeuyo inali ya atate awo, amene anawoloka Luangwa kuchokera ku Zumbo atanyamula korona m'khosi ndi kansungwi kodzaza njere m'chiuno. A Zuze ankailima pa kachilumba ka pa Zambezi, pafupi ndi mudzi wathu wakale ku Mphuka. Ine ndinakwatiwa ndi Luwisi, mwana wawo wamwamuna mmodzi yekha amene anakula, ndipo ndili mkwatibwi iye ananditengera kuchilumbako kamodzi pa bwato. Ndinaona mitengo yaitali kuposa munthu woimirira, yonse yofanana ngati wina anaiyeza ndi chingwe, masamba ake a zala zisanu ndi ziwiri zowongoka. A Zuze ankayenda pakati pake akuzula yachimuna n'kusiya umodzi wokha umene ausankha, kuti mungu wake ubereketse yachikaziyo. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu ankawoloka kupita kwa msuweni wawo ku Zumbo kukasinthana njere zodzaza dzanja. Ankati akupita kukafunsira ana awo mbeta.

Kenaka nkhondo ya kutsidya kwa Zambezi inasefukira kwathu. Poyamba tinkangomva mfuti kutali, kenaka ndege zinayamba kudutsa m'munsi moti nkhuku zinkathawira m'nyumba, kenaka msodzi wina anawomberedwa ali m'bwato mwake masana. Asilikali athu anabwera n'kunena kuti aliyense achoke kumtsinje tsiku lomwelo. Tinanyamula zomwe mutu ungathe. Kansungwi ka a Zuze kanatsala kudenga la kachisakasa ka pachilumba, chifukwa panalibe amene akanaloledwa kupalasa. M'thumba mwawo munali kachitini ka fodya, ndipo pansi pake panali njere zochepa zosakwana chikhatho cha khanda.

Tinapatsidwa malo kuno kumtunda, dothi la miyala, madzi okumba mumchenga wa kamtsinje kouma. Anthu ena anayamba ndi kumanga nyumba. A Zuze anayamba ndi mpanda. Mwa njere za m'kachitini zija zinamera zisanu, zinayi zachikazi ndi imodzi yachimuna, ndipo zonse zimene analima pambuyo pake zinachokera mwa zisanuzo. Chaka chachiwiri kunadutsa anyamata a mfuti, aja a kutsidya amene ankabisala m'mapiri athu popita kukamenya nkhondo kwawo. Mmodzi anapempha chosuta, ndipo pothokoza anasiya njere zakezake, zazing'ono, zakuda, zosadziwika komwe anazitola. A Zuze, amene ankatilalikira tonse za mbeu ya mlendo, analephera kuugwira mtima. Anazibzala pakona ya mpanda kuti angoona. Mphepo inachita zotsalazo.

Chaka chachitatu m'mpandamo munamera zinthu zomwe ngakhale iwo anasowa dzina lake. Mtengo wina unali ndi masamba a chala chimodzi ngati mpeni. Wina masamba ake anapindika n'kudzikulunga ngati dzanja la wodwala manjenje. Panali wina wa tsinde lophwatalala ngati lamba wa msilikali, umene pamwamba pake masamba anaunjikana ngati lipombo la tambala. Ina inafika m'bondo n'kuleka kukula, ina inathamangira kumwamba yopanda nthambi n'kugwa ndi mphepo yoyamba. Iwiri inamera yoyera ngati yaphikidwa, n'kufa isanathe sabata. Koma imene inawasowetsa mtendere inali yooneka bwino kwambiri: yachikazi yonenepa, imene itayamba kukhwima inatulutsanso timaluwa tachimuna m'khwapa mwa nthambi zake, n'kudzibereketsa yokha ndi kubereketsa munda wonse.

Mudzi sunasowe chonena. Ena anati ndi utsi wa mabomba umene walowa m'dothi. Akatekisiti anati Mulungu watopa kulankhula ndi a Zuze m'mawu, tsopano akulankhula m'masamba. Panali ena amene ankanong'ona kuti munthu amene mitengo yake imakhala mwamuna ndi mkazi nthawi imodzi ndiye kuti ali ndi zina zimene amaweta. Apongozi anga aakazi, a Mariya, ankadutsa pampandapo akudzilemba mtanda. Awiriwo ankakangana tsiku ndi tsiku za madzi. A Mariya ankayenda ulendo wautali kukatunga, akatula ndowa n'kulowa m'nyumba, potuluka ankapeza yafika pakati.

"Kodi ine ndimatungira udzu wanuwo?" ankatero akufuula.

"Iwe umatha kupempha madzi kwa anansi," ankayankha a Zuze. "Iwowa alibe pakamwa."

Nthawi imeneyo kunali mlangizi wa zaulimi, a Banda, wochokera ku Chipata, amene boma linamutumiza kuti atiphunzitse ife othawa nkhondo kulima mapira pa dothi louma. Ankayenda pa njinga, buku lili m'thumba la shati. Tsiku lina a Zuze anagwira njingayo pa chiwongolero n'kumukokera kumpanda. Ine ndinali kusinja pafupi, ndipo ndinamva zonse.

"A Tembo, mufuna kundichotsetsa ntchito?" anatero a Banda ataona zomwe zinali m'katimo. "Ine sindinaone kanthu pano."

"Simunaone, inde. Manje ndiuzeni chimene simunaonecho chadwala chiyani."

A Banda anazengereza, koma anali munthu wokonda ntchito yake. Anagwada, anagwira tsamba lopindika lija, anakanda dothi, anayang'ana kunsi kwa masamba ngati kuli tizilombo. Anafunsa kuti mbeuyo inachokera mwa mitengo ingati. Atamva kuti isanu, anapukusa mutu. Atamva za njere za mnyamata wa mfuti uja, anaseka pang'ono.

"Si dothi ayi, si bomba, si mfiti. Mudala, mbeu yanu yakhala ikukwatirana pachibale, mlongo ndi mlongo wake, chaka ndi chaka. Zofooka zomwe zinabisala mwa makolo zayamba kutuluka. Ndiye pamwamba pake mwalowetsamo mlendo wosadziwika mtundu. Mwaona chimanga cha kusitolo chija? Chaka choyamba chimabereka bwino, mukabzalanso njere zake chimatuluka china chachitali, china chachifupi, china chopanda kanthu. N'chimodzimodzi apa. Ana a mitengo iyi simungawadziwiretu, aliyense azituluka ndi nkhope yakeyake."

"Mankhwala ake?"

"Palibe. Pokhapokha mutapeza mbeu yakale ija yosasakanizika, yambiri ndithu, n'kuyambiranso kutali ndi izi. Koma ine ndikanakhala inu, ndikanazula zonsezi n'kubzala mapira. Muli ndi adzukulu."

A Banda ananena zinthu ziwiri. A Zuze anamva chimodzi.

Kuyambira tsiku limenelo nkhani yawo inali chilumba. Ankati mitengo imene anaisiya ija inagwetsa njere, njerezo zinamera zokha, ndipo chaka chilichonse mbeu ya atate awo ikudzibzala pakati pa madzi pomwe mungu wachilendo sungafike. Ankanena zimenezi pakudya, pamaliro, ngakhale pakhomo la tchalitchi, pomwe ankakhala benchi yakumbuyo chifukwa mgonero anawaletsa kalekale. Asilikali anali atachenjeza mudzi wonse kuti njira zopita kumtsinje zakwiriridwa mabomba, ndipo palibe amene akudziwa kuti ali pati, ngakhale amene anawakwirirawo. Ng'ombe ya munthu wina inali itaphulika kale. A Zuze ankati iwo sadzayenda m'njira za anthu, adzatsata za mvuu, pakuti pomwe mvuu yaponda osafa, munthu angapondepo.

Mapira atakololedwa, ananena kuti apita okha. Ankadziwa bwino lomwe kuti bwato limene analibisa m'bango linali lalikulu, losatheka munthu mmodzi wa msinkhu wawo pa madzi a Zambezi. Sanamupemphe Luwisi. Anangonola chikwanje pamaso pake, n'kufunsa a Mariya kuti awakazingire chimanga cha pa ulendo.

Ine ndinali ndi Tereza kumsana ndi mimba ya miyezi isanu ndi umodzi. Ndinamutsatira mwamuna wanga kuseri kwa nyumba komwe ankamanga nkhafi ziwiri pamodzi.

"Atake Tereza, mukufuna kufera udzu?"

"Ndiwasiye apite okha? Akakamira anthu adzati chiyani?"

"Adzati nkhalamba yamira. Mukafa inu adzati chiyani?"

Anaseka, n'kundigwira pamimba. "Masiku atatu chabe. Ndikakutengera nsomba, wakhala ukulira nsomba chaka chonse."

Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva kamodzi kokha, pamene a Zuze ankafotokozera akuluakulu a mudzi, ndi mawu osakwera osatsika ngati akunena za ulendo wa munthu wina. Anayenda bwino. Bwato analipeza, lili ndi madzi koma losabooka. Anawoloka m'mawa nkhungu isanachoke pamtsinje. Kachisakasa kanali katapsa ndipo kansungwi kanapsera momwemo, koma mitengo inalipo monga momwe iwo ankanenera, yomera yokha pakati pa udzu, yaitali, yowongoka, itakhwima. Anapulula njere kuchokera ku mitengo yambiri. Thumba la malaya a a Zuze linali lobooka, choncho anazithira m'thumba la shati ya Luwisi, lomwe linali ndi batani. Anabwerera kumtunda dzuwa lili pamutu. Popita, a Zuze ndiwo ankatsogola. Pobwerera anatsalira pang'ono kuti akankhire bwato m'bango, ndipo Luwisi anayamba kukwera gombe yekha. Pamalo pena njira ya mvuu inadutsana ndi kanjira kakale ka kudimba. Anapondapo, bomba n'kuphulika.

A Zuze anamumanga miyendo ndi luzi, n'kumubereka kumsana. Munthu wa zaka zimenezo anayenda naye mpaka kumsewu, komwe lole ya asilikali inawatola kupita nawo kuchipatala cha ku Katondwe. Luwisi anatsirizika chipatala chikuonekera. Anthu mpaka lero amatamanda a Zuze chifukwa cha ulendo wa kumsanawo. Ine ndimati amene wagwetsa mwana m'chitsime sitimuyamika chifukwa chakuti anagwira chingwe mwamphamvu.

Koma si imfayo imene inandiumitsa mtima. M'zaka zimenezo amasiye tinali ambiri, ndipo aliyense anali ndi nkhani yake ya bomba kapena chipolopolo. Chimene chinandiumitsa ndinachiona tsiku loika maliro, titabwerako kumanda, anthu akudya. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukataya madzi otsukira mbale. Ndinawapeza a Zuze atanyonyomala, lichero lili pansi, shati ya Luwisi ili m'manja. Amuna osambitsa mtembo anali ataiika pambali kuti ikakwiriridwe, iwo anakaitenga. Anali atamasula batani lija, ndipo ankatulutsa njere ndi chikhadabo chawo, imodziimodzi, chifukwa zinali zitamatirira ku nsalu ndi magazi. Iliyonse ankaipukuta pabondo asanaiike m'lichero.

Chikwatiwire changa ndinali ndisanalankhulepo nawo nditaimirira. Mpongozi amagwada patali, amayang'ana pansi. Tsiku limenelo mawondo anga sanapindike.

"Tate, mukuchita chiyani?"

Sanadzidzimuke. Sanabise n'komwe. Anandiyang'ana ndi maso ofiira, n'kunena kuti, "Zikakhala chonyowa ziola, amake Tereza."

"Mwana wanu sanathe tsiku m'dothi."

"Ndikazitaya ndiye kuti wafera chabe."

"Wafera chabe kale," ndinatero. "Ngakhale zimere mpaka kumwamba, wafera chabe."

Anaweramanso n'kupitiriza. Ndinawathira madzi a mbale aja pamapazi, n'kubwerera kwa anthu. Palibe amene ndinamuuza, kupatula a Mariya. Kuyambira tsiku limenelo iwo sanalankhulenso ndi amuna awo mwachindunji. Ankatuma mawu kudzera mwa ine, kapena kulankhula ndi khoma. Anakhala choncho zaka zinayi, n'kumwalira asanabweze mawu.

Mvula itagwa, a Zuze anabzala njere zija. Zinamera pafupifupi zonse. Ine sindinalowe m'mpandamo, koma mitengo inakula n'kupitirira mpanda, moti ndinkaiona ndili pakhomo panga, yofanana, yowongoka, ikugwedezeka pamodzi. Madoda a kumtsinje ankabwera kudzaiona n'kumagwira pakamwa, amvekere yabwerera ija ya kale. Tsiku lina a Zuze anaima patali ndi khomo langa, chipewa chili m'manja.

"Amake Tereza, bwerani mudzaone."

"Ndaona kale, Tate. Ndinaona kuseri kwa nkhokwe."

Sanandiitanenso.

Chisangalalo chawo chinali cha zaka ziwiri. A Banda anali atanena kuti ayambirenso kutali ndi zopindika zija, koma a Zuze sanathe kuzizula zonse. Ankati ngakhale zili choncho, muli magazi a mbeu ya atate awo, ndipo munthu sataya mwana chifukwa cholumala. Anasiya zingapo kumapeto kwa mpanda. Ndiponso anyamata a m'mudzi anali atamwaza kale njere zake m'mbali mwa kamtsinje. Chaka chachitatu tsamba la chala chimodzi linaonekanso. Chaka chachinayi yachikazi yotulutsa maluwa achimuna inali paliponse. Mbeu imene Luwisi anaifera inasungunuka m'zinzake ngati mchere m'madzi.

Nkhondo inatha patangopita chaka ndi miyezi kuchokera pa maliro a Luwisi aja. Bwenzi atadikira pang'ono chabe. Anthu anayamba kubwerera ku Mphuka, ena mosamala, ena mothamanga. A Zuze akanatha kupitanso kuchilumba, ndipo asodzi ena anadzipereka kuwaperekeza, koma anakana. Sanapondenso kumtsinje, sanadyenso nsomba ya mu Zambezi. Patapita zaka anthu anatiuza kuti madzi osefukira anakokolola theka la chilumbacho, ndipo chotsalacho wina analimapo chimanga. Msuweni wa ku Zumbo uja naye anathawa nkhondo ya kwawoko, n'kufera kumsasa wa othawa. Mbeu yakale sinatsale kwina kulikonse. A Zuze anatsala ndi zosakanizika zawozo, akukhulupirira kuti akasankha bwino, chaka ndi chaka, adzaitulutsamo.

Anayesa zaka zoposa makumi awiri. Ankamanga tinsalu ta mitundu pa mitengo kuti akumbukire mayi wa uliwonse. Ankavundikira yachikazi ndi matumba a ufa kuti mungu wosafunika usaifike. Chaka china ankapeza itatu yowongoka n'kuyenda m'mudzi mapewa ali m'mwamba, chaka chotsatira ana a itatu yomweyo ankatuluka opotoka ngati mizu. Apolisi anabwera kawiri n'kutchetcha zonse. Ulendo wachiwiri, wapolisi wina ananyamula mtengo wa tsinde lophwatalala n'kufunsa anzake ngati chimenechi chingatchedwe chamba pamaso pa woweruza. Anawagoneka m'chitokosi masiku ochepa, n'kuwabweza chifukwa cha ukalamba. Anafika kunyumba madzulo, m'mawa mwake anali akusankha njere zomwe anabisa m'denga.

Abale anga anabwera kudzanditenga maliro a Luwisi atatha, ndipo anabweranso kawiri. Ndinakana. Ndinkawauza kuti ana ali ndi munda kuno, koma chifukwa chenicheni chinali china. Ndinkafuna kuti m'mawa uliwonse a Zuze akatsegula chitseko, chinthu choyamba kuona chikhale ine, ndi mwana wamwamuna amene anabadwa atate ake ali m'manda. Anandiona ndithu. Chaka chilichonse ankalima munda wanga asanagwire wawo. Denga langa silinadonthepo. Antoniyo, mwana wangayo, atadwala malungo a kumutu, anamuika pa njinga yobwereka n'kumukankha mpaka ku Katondwe. Ndikunena izi chifukwa zinachitika, osati chifukwa zinalipira kanthu. Mawu oti ndinalakwa sanatuluke pakamwa pawo ngakhale kamodzi. Dzina la Luwisi sankalitchula. Akafuna kunena za chaka chimenecho ankati chaka chimene tinakatenga mbeu.

M'zaka zomalizazi maso awo anachita ng'ala. Ankasankha njere ndi zala zokha, ndipo m'mpanda ankayenda chopapasa. Sabata ziwiri asanamwalire ndinawapititsira phala. Ndinawapeza atakhala pakhonde, atagwira tsamba limodzi limene anathyola. Manja ankanjenjemera moti sankatha kuwerenga zala zake.

"Amake Tereza, ndinu? Tandiwerengerani ili. Ndi la mtengo umene ndikuudalira chaka chino."

Ndinalandira tsambalo. Aka kanali koyamba kugwira chinthu chochokera m'mpanda umenewo. Ndinadziwa yankho limene ankafuna, ndipo panalibe wina pafupi woti anditsutse. Munthu wakhungu, wotsala masiku, ndikanamuuza kuti zisanu ndi ziwiri, zowongoka, akanafa akumwetulira.

"Zinayi, Tate. Chimodzi n'chopindika."

Anatambasula dzanja kuti ndiwabwezere tsambalo, analisisita pabondo, n'kunena kuti, "Chabwino. Tiona chaka chamawa."

Phalalo sanamwe.

M'mawa umene anamwalira, Antoniyo, amene tsopano ndi mkulu wa mpingo, analowa m'mpanda anthu asanayambe kusonkhana. Anazula zonse n'kukazitentha kumchenga wa kamtsinje, pamodzi ndi zitini za njere zimene anazipeza m'denga. Sanandifunse, ndipo sindikanamuletsa.

Dzulo ndinalowamo koyamba. Ndi malo aang'ono kuposa momwe ndinkaganizira zaka zonsezi, munthu angawalime m'mawa umodzi. Dothi lake ndi lakuda, lofewa, losiyana ndi la mudzi wonse, chifukwa cha manyowa a mbuzi amene ankathiramo ndi dengu. Maenje a mitengo yozulidwa akadali poyera m'mizere yake, ndipo nkhuku zayamba kusambamo. Pakona pali mwala wosalala pomwe ankakhala, pambali pake m'phika wosweka wothirira. Mkazi wa Antoniyo wapempha kale kuti abzalemo repu ndi tomato.

Kumbuyo kwenikweni, komwe sikuoneka uli panja, mpanda uli ndi mpata wopapatiza wotsekedwa ndi nthambi ya minga. Nditachotsa nthambiyo ndinapeza kanjira. N'kakang'ono, ka munthu mmodzi, kopondeka mpaka kulowa pansi, ndipo m'mbali mwake muli timaenje ta ndodo. Kamadutsa kuseri kwa minda, kupewa nyumba zonse. Ndinakatsata mpaka pomwe mitengo ya kumanda imayambira, ndipo ndinaima pamenepo, chifukwa ndinaona kuti kakulowera mbali ya manda a Luwisi. Sikanapondedwe chaka chimodzi kapena ziwiri kanjira kameneko.

Ndinabwerera n'kubwezera nthambi ya minga pamalo pake. Udzu wayamba kale kutuluka m'mphepete mwake. Mvula ikagwa kawiri katatu, sikadzaonekanso.